Kuchokera ku Mishoni Kufika ku Mphakati: Mbiri ya Moyo wa Akristu m'Parishi ya Mua

Mau Oyamba

Munthu akafunsa Mkristu wa kumudzi kuti parishi yake ili kuti, kaŵirikaŵiri amamlozera kumene kuli tchalitchi lalikulu, nyumba ya ansembe, chipatala ndi sukulu. Yankho lotere ndi lopereŵera, pakuti malamulo a Eklezia a chaka cha 1983, pa nambala 515, amatanthauzira parishi ngati gulu la okhulupirira lokhazikitsidwa m'dayosizi, limene Episkopi walipereka m'manja mwa bambo mfumu kuti aliŵete. Motero parishi ndi anthu, ndipo mbiri yake yeniyeni ndi mbiri ya m'mene anthuwo akhala akupempherera pamodzi, kuphunzitsana, kudwazikana ndi kuikana m'manda.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri yotereyi pa parishi imodzi, ya Mua, m'dayosizi ya Dedza. Taisankha chifukwa ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri m'dziko muno, ndiponso chifukwa idabala ana aŵiri amene adasintha nkhope ya Eklezia wa m'Malaŵi, ndiwo Ambuye Cornelius Chitsulo ndi Ambuye Patrick Kalilombe. Funso lotitsogolera nlakuti: kodi mwini wake wa moyo wa parishi wakhala ali yani? Tiwona kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku adaisenza ndi Akristu eni ake kuyambira pachiyambi, koma umwini wake udatenga zaka zambiri kuti ufike m'manja mwao, ndipo ulendowo sunathebe.

Mishoni m'tsinde mwa mapiri

Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene adachiyambitsa Kardinala Charles Lavigerie ku Algeria mu 1868, adayamba afika m'dziko muno mu 1889, nakhala kwa mfumu Mponda, kumwera kwa nyanja. Kumeneko adakhalako kufikira 1891, ndipo adachokako osasiya mpingo. Mu 1901 ansembe a chipani cha Montfort adatsekula mishoni ya Nzama ku Ntcheu, ndipo chaka chotsatira, mwezi wa September 1902, a White Fathers adabweranso nadzamanga misasa yao ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, m'dziko la Inkosi Kachindamoto.

Chigwa chimenechi chidali chotentha ndi cha malungo, koma chidali ndi anthu ambiri a mitundu itatu: Acheŵa, amene adali eni nthaka, Angoni, amene adali ndi ulamuliro, ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja, amene ambiri mwa iwo adali atalandira kale Chisilamu. Mishoni idakula ngati mudzi wachilendo pakati pa midzi yao. Padali kuumba njerwa, kucheka matabwa, kulima minda ndi kupereka mankhwala. Ambiri mwa oyamba kufika pamalopo adadza kudzafuna ntchito, kuti apeze ndalama za msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda lidakhazikitsa, ndipo mau a Mulungu adaŵamva ali ndi khasu kapena chikombole m'manja.

Ubatizo sunkaperekedwa mwachangu. Lavigerie adaalamula kuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe, kupatula amene ali pafupi kufa. Zaka zimenezi zidali zoyesera khalidwe la munthu, makamaka pa nkhani ya ukwati, mitala ndi miyambo ya makolo. Tsono mpingo woyamba wa ku Mua udali waung'ono koma wodziŵana bwino, wa anthu amene adaapirira limodzi nthaŵi yaitali ya ukatekumeni. Kuchokera pamenepo ntchito idafalikira ku Mtakataka mu 1908 ndi ku Bembeke mu 1910, ndipo mu 1927 ku Mua kudatsekulidwa malo osamalirako odwala khate, amene ankasalidwa m'midzi mwao.

Aphunzitsi a m'midzi

Ansembe aŵiri kapena atatu sakadatha kufika m'midzi yonse ya m'chigwa ndi ya m'mapiri. Mzati wa ntchito yonse udali mphunzitsi wa kumudzi, amene masiku ano timamutcha katekisti. Nyumba yake yophunzitsiramo idali yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu, ndipo inkagwira ntchito ziŵiri: pakati pa sabata idali sukulu ya kuŵerenga, kulemba ndi katekisimu, pamene Lamulungu idali nyumba ya mapemphero. Mphunzitsiyo ndiye ankaitana anthu, kutsogolera mapemphero a m'maŵa ndi a madzulo, kulemba maina a akatekumeni, kubatiza makanda ndi okalamba amene adali kutsirizika, ndi kukanena ku mishoni za mabanja amene adali kugwedezeka.

Wansembe ankayendera midzi imeneyi mwa apo ndi apo, poyamba wapansi kapena pa machila, pambuyo pake pa njinga. Akafika ankamva kulapa, kuchita Misa, kuyesa akatekumeni ndi kuweruza milandu ya Akristu. Pa masiku aakulu monga Pasaka, Akristu a kutali ankanyamula ufa ndi ndiwo naloŵera ku Mua, kumene ankagona masiku angapo. Maulendo ameneŵa ndiwo ankaphunzitsa munthu wa kumudzi kuti mpingo wake ndi waukulu kuposa kagulu ka m'mudzi mwake.

Komabe tiyenera kuzindikira malire a dongosolo limeneli. Mphunzitsi adali dzanja la wansembe: adasankhidwa ndi mishoni, kulipidwa ndi mishoni, ndipo ankatha kusamutsidwa ndi mishoni. Ndalama zambiri zoyendetsera ntchito zinkachokera kwa Akristu a ku Ulaya ndi ku Canada. Nchosadabwitsa kuti Mkristu wamba ankawona Eklezia ngati chinthu cha Abambo, chimene iye amapitako kukalandira. Pamene boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, pang'onopang'ono ntchito ya mphunzitsi wa sukulu idayamba kulekana ndi ya katekisti, ndipo ufulu wa dziko utabwera mu 1964 boma lidatenga mphamvu zambiri pa masukulu. Mzati uja udayamba kugwedezeka popanda wina wokonzeka kuloŵa m'malo mwake.

Mkangano wa pa maliro

Palibe chimene chidavutitsa mpingo wa ku Mua m'zaka zake zoyamba kuposa mkangano wake ndi nyau, monga adafotokozera Ian Linden m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi Acheŵa m'nthaŵi ya atsamunda. Mkanganowo udakula m'zaka za m'ma 1920, ndipo milandu ina idafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma ku Dedza. Amishoni ankawona gule wamkulu ngati chikunja chotchinga ana kupita ku sukulu. Akuluakulu a mzinda nawonso ankawona sukulu ngati msampha wolanda ana m'manja mwa eni mbumba. Mbali zonse ziŵiri zinkalimbirana mwana yemweyo: ena kumkokera ku dambwe, ena ku ukatekumeni. Mkristu woloŵa nyau ankaletsedwa masakramenti.

Pamene mkanganowu unkaŵaŵa koposa mpa maliro. Pakati pa Acheŵa, maliro ndi ntchito ya mudzi wonse, ndipo gule amaperekeza mzimu wa womwalira kuti ukafike bwino kwa makolo. Tsono Mkristu akamwalira m'mudzi wa mzinda, funso lidali lakuti mwini maliro ndani: abale ake ndi nyakwaŵa, kapena mphunzitsi ndi Akristu anzake? Akristu adayenera kuphunzira kudzikumbira manda, kuchezera usiku ndi nyimbo zao, ndi kuphikira olira, kuti m'bale wao asaikidwe ngati mlendo. Apa mpamene mpingo udayamba kukhala mudzi weniweni, chifukwa maliro sadikira wansembe wochokera kutali. Titha kunena kuti mbeu ya miphakati idafesedwa pa manda, zaka zambiri dzina lake lisanamveke.

Mtengo wake udali waukulu. Mabanja adagaŵikana, ndipo Akristu ambiri adakula ndi maganizo akuti kukhala Mkatolika nkutaya Ucheŵa. Bala limeneli lidatenga mibadwo kuti liyambe kupola.

Ana a mudzi pa guwa

Zipatso za zaka zovutazo zidayamba kuwoneka m'badwo wachiŵiri. Mu 1929 Ambuye Mathurin Guillemé adayambitsa chipani cha Asisiteri a Tereza Woyera cha atsikana a dziko lino. Mu 1937 Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua wobadwa mu 1909, adadzozedwa unsembe, nakhala wansembe woyamba wa Chikatolika wobadwira m'dziko muno. Pamene chigawo cha Dedza chidapatulidwa mu 1956, iye yemweyo ndiye adasankhidwa kuchitsogolera, ndipo adadzozedwa uepiskopi mu 1957, woyamba mwa ana a dziko lino. Mu 1959 Dedza idakhala dayosizi, ndipo Ambuye Chitsulo adaiŵeta kufikira imfa yao mu 1984.

M'zaka zomwezo mabungwe a Akristu eni ake adayamba kuzika mizu m'maparishi. Gulu la Legio ya Maria, limene lidayambira ku Dublin mu 1921, lidafika ku Nyasaland kudzera mwa Edel Quinn kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Mamembala ake ankakumana sabata ndi sabata, kunena kolona, ndi kugaŵana ntchito yoyendera odwala ndi ofooka m'chikhulupiriro, kenaka nkudzafotokoza zimene achita. Aksio Katolika ndi akulu a mpingo ankathandiza kuyang'anira makhalidwe, kuyanjanitsa mabanja ndi kusonkhanitsa mtulo. M'mabungwe ameneŵa Akristu, makamaka amai, adaphunzira kuyendetsa msonkhano, kusunga ndalama ndi kuyankhula za chikhulupiriro popanda wansembe pafupi. Koma bungwe limatenga okhawo amene afuna kuloŵamo. Unyinji wa obatizidwa udatsalabe kunja, ukumangofika ku Misa ndi kubwerera.

Mpingo ndife tonse

Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikano, wa mu 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa kuti Eklezia ndi mtundu wa anthu a Mulungu, ndi kuti ubatizo umapatsa aliyense gawo pa ntchito ya Kristu. Udalolanso kuti mwambo wa Misa uzichitika m'zinenero za anthu. Mu 1966 Akatolika olankhula Chicheŵa adalandira Baibulo lathunthu, Malembo Oyera, ndipo mu 1969 Papa Paulo VI, ali ku Kampala, adalimbikitsa Aafrika kuti akhale amishoni a iwo eni. Funso lidatsala lakuti zimenezi zichitika bwanji m'parishi ya midzi yambirimbiri ndi ansembe oŵerengeka.

Yankho lomveka lidachokera kwa mwana wina wa ku Mua. Patrick Kalilombe adabadwa mu 1933, adaphunzira ku Kachebere, ku Tunisia ndi ku Roma, nakhala Mmalaŵi woyamba m'chipani cha White Fathers. Ataphunzitsa Malembo Oyera ndi kutsogolera seminale ya Kachebere, adadzozedwa Episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 adaitanitsa sinodi ya dayosizi, imene zokambirana zake zidayambira m'midzi nkumakwera kufika ku parishi ndi ku dayosizi. Mfundo yake idamangidwa m'mau atatu akuti Mpingo Ndife Tonse, ndipo cholinga chidali Eklezia wodzitumikira yekha, wodzifalitsa yekha ndi wodzidalira yekha pa chuma. Maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la maiko a kuvuma ndi pakati pa Afrika, adakambirana nkhani yomweyi ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 adagwirizana kuti kumanga timagulu ta Akristu ndiyo ikhale ntchito yoyamba ya ubusa m'maiko ao. Adabwerezanso mfundoyi pa msonkhano wao wa ku Zomba mu 1979. Motero njira imeneyi idafika m'madayosizi onse, kuphatikizapo Dedza.

Maina amene anthu adapatsa timaguluti ngophunzitsa. Kwina amati mphakati, liwu lochokera ku Chingoni lonena za anthu a mudzi osonkhana pamodzi. Kwina amati limana, ndiye kuti gulu la anthu odyera mbale imodzi. Mabanja oyandikana amakumana pakhomo pa mmodzi mwa iwo, amaŵerenga Mthenga Wabwino, amagaŵana zimene mauwo akuŵauza, kenaka amakambirana za odwala, amasiye, maukwati ndi maliro a m'dera lao. Amadzisankhira atsogoleri, alangizi a mabanja, ophunzitsa akatekumeni ndi asungichuma. Nthumwi zao zimapanga bungwe la tchalitchi la kunthambi, ndipo nthumwi za matchalitchi zimapanga bungwe la parishi. Kusiyana kwake ndi dongosolo lakale nkwakuti kale mishoni inkatumiza munthu wake kumudzi, pamene tsopano mudzi ndiwo umatumiza anthu ake ku parishi.

Kuyanjana ndi miyambo ya makolo

Chaka chomwecho cha 1976, Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Canada, amene anthu adampatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa ku Mua malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Adayamba ndi osema ziboliboli a m'midzi yozungulira, amene ntchito zao zidakongoletsa matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja. Pambuyo pake padamangidwa nyumba yosungiramo mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, yotchedwa Chamare, dzina limene anthu ankatchulira Bambo Jean-Baptiste Champmartin, amene adatumikira ku Mua zaka zambiri. M'nyumbamo mudasonkhanitsidwa zigoba za gule wamkulu mazana angapo, pamodzi ndi matanthauzo ake.

Motero pa malo omwe aja pamene gule ankayesedwa mdani, Eklezia adakhala pansi kuti amve zimene gule amaphunzitsa pa za ulemu, ukwati, imfa ndi makolo. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Zimenezi sizidathetse mafunso onse a ubusa, pakuti kumvetsa mwambo ndi kuuvomereza wonse ndi zinthu ziŵiri. Koma zidachotsa manyazi amene Mkristu wa Chicheŵa adaasenza kuyambira masiku a mkangano uja, ndipo zidapatsa miphakati chilankhulo choyankhulira ndi mafumu ndi eni mbumba pa nthaŵi ya chinamwali ndi ya maliro.

Masiku a mayeso

Njira yatsopanoyi idayesedwa msanga. Boma la chipani chimodzi silidakondwere kuwona anthu akusonkhana m'midzi, akudzisankhira atsogoleri ndi kukambirana za mavuto ao kunja kwa nthambi za chipani. Ambuye Kalilombe adakayikiridwa, ndipo mu 1976 adakakamizika kuchoka m'dziko. Mu 1979 adatula pansi udindo wao wa ku Lilongwe. Ali kunja adalemba kafukufuku wao wa ku Berkeley wofanizira dongosolo lakale la nthambi za mishoni ndi la miphakati. Adabwerera kwao ulamuliro utasintha, naphunzitsa ku Chancellor College, ndipo adamwalira mu 2012. Mantha a zaka zimenezo adachititsa miphakati yambiri kudzitsekera m'mapemphero okha, osakhudza nkhani za chilungamo.

Komabe mizu idaali itazika. Kuyambira 1986 anthu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique adadzaza maboma a m'malire monga Dedza ndi Ntcheu, ndipo ambiri adalandiridwa m'midzi ndi m'mipingo ya abale ao a chinenero chimodzi. Pa 8 March 1992 kalata ya Maepiskopi ya nyengo ya Lenti idaŵerengedwa tsiku limodzi m'matchalitchi a Katolika a dziko lonse, ndipo idafika kutali chotero chifukwa padali kale njira yochokera ku parishi kufika kumudzi. Kalatayo idatsekula khomo la referendamu ya pa 14 June 1993. Ndipo pamene matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, adadzaza zipatala, amai a m'miphakati ndiwo adasambitsa odwala m'makomo, kuŵaphikira phala ndi kulera ana otsala. Pamene Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya mu 1995 yotsatira sinodi ya Afrika, adafotokoza Eklezia ngati banja la Mulungu, amai ameneŵa adali atachita kale zimene mauwo amanena.

Pomaliza

Mbiri ya Mua ikutiwonetsa masitepe atatu. Poyamba parishi idali mishoni, malo amene anthu ankapitako kukalandira. Kenaka idakhala mishoni yokhala ndi nthambi, zoyendetsedwa ndi aphunzitsi m'dzina la ansembe. Potsiriza idaitanidwa kukhala chiyanjano cha miphakati, m'mene obatizidwa onse ali eni ake. Pa sitepe lililonse amene adasenza katundu ndi Akristu wamba. Chimene chidasintha ndi mau amene adaloledwa kukhala nawo pa katunduyo.

Choopsa chimene chilipo nchakuti sitepe lachitatu litha kubwerera mwakachetechete kukhala lachiŵiri, dzina lokha litatsala. Pa zolinga zitatu za sinodi ya ku Lilongwe, chosavuta kuŵerengera ndi cha chuma, ndipo bambo mfumu wopanikizika ndi zosoŵa za parishi amayesedwa kuti aziwona mphakati ngati ofesi yotolera mtulo, masika ndi zopereka za chitukuko. Zikatero, msonkhano wa Mthenga Wabwino umasanduka woŵerenga maina a amene sadapereke, ndipo amphaŵi, amene adayenera kukhala pakatikati, amayamba kujomba chifukwa cha manyazi. Amuna ndi achinyamata nawonso amaŵasiyira amai ntchito yonse. Chiyeso chachikulu chikadali pomwe chidayambira, pa maliro. Ngati mphakati uyamba wafunsa za khadi la mtulo usanafunse za amene adzakumbe manda ndi amene adzalere ana, ndiye kuti waiŵala chifukwa chimene makolo athu m'chikhulupiriro adaphunzirira kuikana okha.

Kwa ife amene tikukonzekera unsembe kapena kuphunzitsa okonzekera, phunziro lake nlolemera. Wansembe wachinyamata amafika m'parishi imene idakhalapo iye asanabadwe, ndipo adzaisiya ikupitirira. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amatsala ndi katekisti, mai wa Legio, mlangizi wa mabanja ndi mkulu wa mphakati, adzukulu a anthu aja ankayenda ndi ufa pamutu kupita ku Mua pa Pasaka. Ntchito ya wansembe pakati pao njosasoŵeka, pakuti popanda Ukaristia ndi mau a Mulungu mphakati ungasanduke bungwe wamba la m'mudzi. Koma aichite podziŵa kuti Ambuye Chitsulo ndi Ambuye Kalilombe adachokera m'nyumba za anthu otereŵa, ndi kuti nthaŵi imene angataye pokhala nawo pamphasa, kumva m'mene akuŵerengera Mthenga Wabwino ndi kuŵasula pa maudindo ao, ndiyo imene idzatsimikize ngati parishi idzakhale yao kapena idzabwerere kukhala ya Abambo.